Tizilombo tokonda kutentha ndi mafuta obisika m'zotsala za nzimbe

Lero tiyambire pa mulu wa manyowa. Mlimi aliyense amene anaunjikapo mapesi, masamba ndi ndowe, n'kuthirira madzi, n'kuphimba bwino, akudziwa chimene chimachitika pakapita masiku angapo. M'mawa wa mwezi wa June, kunja kukuzizira, mukafukula pang'ono muluwo pamafuka nthunzi, ndipo mukapisa dzanja m'kati mumalibweza msanga. Palibe amene wasonkha moto pamenepo. Kutenthako, kumene kumafika madigiri 60 ngakhale kuposerapo, kukuchokera ku tizilombo tosaoneka ndi maso timene tikudya mapesiwo, ndipo timene tikugwira ntchito pakati penipeni pa muluwo ndi tija timasangalala pamene tinzake tonse talefuka. Tizilombo ta mtundu umenewu ndi timene akatswiri a sayansi ku America, ku Ulaya, ku Brazil ndi ku Thailand akhala akutiweta kwa zaka zambiri, ndi cholinga chakuti tisandutse mapesi, udzu, utuchi ndi zotsala za nzimbe kukhala ethanol, mowa uja timasakaniza ndi petulo. Mfundo yanga ndi imodzi. Kutentha, kumene makampani opanga ethanol amawononga ndalama polimbana nako, kungathe kusanduka wantchito wawo, ndipo mayiko otentha ndi osowa ndalama zakunja ngati lathu ndi amene angapindule koposa. Koma phindulo lidzaoneka pokhapokha tikayambira pamene zinyalala zaunjikana kale, pakhomo pa fakitale ya shuga, osati m'munda wa mlimi wa chimanga.

Kuti timvane bwino, tikumbutsane kaye mmene mowa umapangidwira, poti nzeru imeneyi si yachilendo kumudzi kwathu. Mayi wofulula masese sathira yisiti pa chimanga cha m'nkhokwe n'kumayembekeza kuti chiwira. Amayamba waviika chimanga kapena mawere kuti zimere, ndipo chimeracho ndicho chimasungunula ufa kukhala shuga. Akalawa thobwa n'kumva kutsekemera, ndiye kuti ntchito yoyamba yatheka. Kenako yisiti imadya shugayo n'kutulutsa zinthu ziwiri, mowa ndi mpweya uja umachititsa thovu pamwamba pa mbiya. Kilogalamu imodzi ya shuga wa mtundu wa glucose, ngakhale zinthu zitayenda bwino chotani, singapereke ethanol woposa magalamu 511. Zotsalazo zimauluka ndi mpweyawo. Wotcheza kachasu amangowonjezera ntchito yachitatu. Ethanol amawira pa madigiri 78 pomwe madzi amadikira 100, choncho nthunzi yoyamba kukwera, imene amaiziziritsa mu paipi yodutsa m'madzi ozizira, ndiyo imadonthera m'botolo kukhala mutu. Fakitale ya EthCo ku Dwangwa, imene inayamba ntchito mu 1982, ndi ya PressCane ku Chikwawa, imene inayamba mu 2004, zimachita zomwezi m'matanki akuluakulu, pogwiritsa ntchito molasesi, madzi akuda onanda aja amatsala akapanga shuga.

Vuto la molasesi ndi kuchepa. Tani imodzi ya nzimbe imasiya molasesi wa makilogalamu 30 kapena 40 okha, ndipo tani yathunthu ya molasesiyo imapereka ethanol wa malita pafupifupi 250. N'chifukwa chake mafakitale athu awiriwa akhala akudandaula kwa nthawi yaitali kuti makina ali nawo koma chothiramo n'chosakwanira. Dziko la America linadutsa njira ina: limafulula chimanga, moti gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a chimanga chonse chimene limakolola limathera ku ethanol. Ife njira imeneyo sitingaiganizire n'komwe, m'dziko limene mwezi wa February umapeza nkhokwe zambiri zili pululu. Koma tani yomwe ija ya nzimbe, akaifinya, imasiyanso makilogalamu oposa 250 a zotsala zonga udzu wotafunatafuna, zimene pafakitale amazitcha bagasi. Mukaumitsa bagasiyo, pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake ndi shuga. Chimodzimodzi mapesi, mapesi a mpunga, utuchi. Shugayo alimo ndithu, kungoti chomeracho chinam'manga zolimba kuti chiimirire mphepo ikawomba ndiponso kuti chisadyedwe ndi aliyense wodutsa. Taganizani za khoma la nyumba yophomedwa: nsichi zolimba ndiye cellulose, unyolo wautali wa shuga; luzi lomanga nsichizo ndiye hemicellulose, shuga wa mtundu wina; dothi lophomera ndiye lignin, amene si shuga n'komwe ndipo yisiti alibe naye ntchito. Amene akufuna nsichi ayenera kugumula dothi ndi kudula luzi.

Njira imene mafakitale ayesa mpaka pano ili ndi zipata zinayi. Amayamba ndi kuphika bagasi kapena mapesi ndi nthunzi yotentha kwambiri, nthawi zambiri atathiramo asidi, kuti khoma lija lifewe. Akaziziritsa, amathiramo ma enzyme, timipeni ta m'chilengedwe todula unyolo wa cellulose kuti shuga amasuke. Ntchito yake ndi yofanana ndi ya chimera. Ma enzyme amenewa amachokera kwambiri ku chuku chotchedwa Trichoderma reesei, chimene chinapezeka ku zilumba za Solomon pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse chikuwoletsa matenti ndi zovala za asilikali a America. Kenako amathira yisiti, pomaliza n'kutcheza. Koma taonani kusagwirizana kumene kuli pakatipa. Ma enzyme a chuku chija amadula bwino pa madigiri pafupifupi 50, pomwe yisiti imafuna 30 mpaka 35, ndipo kutentha kukayandikira 40 imayamba kufooka. Mukaziika m'tanki imodzi, mwina muziziritse kuti yisiti ikondwe, ma enzyme n'kuchita ulesi, kapena mutenthetse, yisiti n'kufa. Mukazilekanitsa, mwamanga matanki awiri m'malo mwa imodzi. Kuwonjezera apo, yisiti yachibadwa siidya xylose, shuga wochuluka wa mu hemicellulose, moti popanda kuisintha chibadwa, gawo lalikulu la chakudya limangotsala m'tanki. Ndipo ma enzyme aja sapezeka pamsika wa aliyense: amapangidwa ndi makampani owerengeka, monga ya ku Denmark imene inkatchedwa Novozymes, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja pa lita iliyonse imene mwapanga.

Apa ndi pamene tizilombo tokonda kutentha timalowera. Kale anthu ankakhulupirira kuti madzi otentha kwambiri mulibe chamoyo, mpaka pamene Thomas Brock, m'zaka za m'ma 1960, anapeza mabakiteriya akukula mosangalala m'akasupe owira a ku Yellowstone ku America. Koma kachilombo kamene kakutikhudza kwambiri lero kanadziwika kale Brock asanafike kumeneko. Dzina lake ndi Clostridium thermocellum, ndipo akatswiri a ku Wisconsin anakafotokoza mu 1926 atakapeza mu ndowe za akavalo. Kamakonda madigiri 60 ndipo sikafuna mpweya umene timapuma ifewu. Mukaika kachidutswa ka pepala losefera m'kabotolo kagalasi, n'kuthiramo kachilomboka, n'kutseka, n'kuika pamalo otentha, pakapita masiku ochepa pepala loyeralo limasanduka lachikasu, limayamba kunyenyeka m'mbali, madzi akuphulika timathovu, kenako limangotsala phala pansi pa botolo. Palibe enzyme imene mwagula. Chinsinsi chake anachitulukira Raphael Lamed ndi Edward Bayer a ku Israel mu 1983. Kachilomboka sikamwaza ma enzyme ake m'madzi monga chimachitira chuku chija. Kamawamangirira pa lamba mmodzi wautali wotchedwa cellulosome, n'kumata lambayo pa cellulose, iko komwe kali kakamira pomwepo. Zili ngati anthu a padima amene afola mzere umodzi, wina ndi nkhwangwa, wina ndi chikwanje, wina ndi khasu, aliyense akumalizitsa pamene mnzake wayambapo, ndipo mwini munda ali kumbuyo kwawo kutola zokolola zisanagwe n'komwe pansi. Mwa tizilombo tonse timene tayesedwa, kameneka kali m'gulu la timene timasungunula cellulose mofulumira kwambiri.

Iko kokha sikadya xylose, koma kali ndi mnzake wogwirizana naye kutentha, Thermoanaerobacterium saccharolyticum, wochokera ku Yellowstone komwe kuja, amene xylose ndi ndiwo yake ya tsiku ndi tsiku. Mukawaweta pamodzi, wina akugumula nsichi, wina akudya luzi. Palinso kena, Caldicellulosiruptor bescii, kochokera ku akasupe a ku Kamchatka ku Russia, kamene kamakula pa madigiri oyandikira 80. Mu 2014 gulu la Janet Westpheling la pa yunivesite ya Georgia linakasintha kuti kapange ethanol kuchokera ku udzu wosaphika n'komwe, ngakhale kuti anali wochepa kwambiri. Maganizo ophatikiza zonsezi m'tanki imodzi, kupanga ma enzyme, kudula cellulose ndi kufulula, wawalimbikitsa kwa zaka zoposa 30 ndi Lee Lynd wa ku Dartmouth College ku America. Gulu lake linapitanso patsogolo poonera ng'ombe. Ng'ombe siphika udzu ndi asidi. Imameza, tizilombo ta m'chifu timayamba kudya, kenako imabzikula n'kutafunanso, udzu utafewa kale. Gulu la Lynd linaonetsa kuti mukamapera udzu pang'onopang'ono uku Clostridium thermocellum akudya, gawo lalikulu la shuga limamasuka popanda kuphika koopsa kuja, ndipo kachilomboko sikafa ndi kuperako. Ngati izi zingatheke m'matanki akuluakulu monga zathekera m'ang'onoang'ono, ndiye kuti zipata ziwiri zodula kwambiri mwa zinayi zija zachoka.

Tsopano tiganizire za kutentha kwenikweniko, poti ndi kumene kumatikhudza ife a kuno. Kufulula kumatulutsa kutentha, monga mulu wa manyowa uja. Tanki ya malita zikwi zambiri ikamawira imadzitenthetsa yokha, ndipo kuti yisiti isafe pamafunika madzi ozizira ozungulira usana ndi usiku. Ku Germany zimenezi n'zosavuta. Koma ku Chikwawa m'mwezi wa October kapena November, pamene dzuwa limadutsa madigiri 40 ndipo madzi a pampopi amatuluka ofunda, kusunga tanki pa madigiri 32 ndi nkhondo yofuna magetsi, mapampu ndi madzi ochuluka. Tanki imene ikugwira ntchito pa madigiri 55 kapena 60 ingaziziritsidwe ndi madzi ofunda omwewo, chifukwa ngakhale tsiku lotentha chotani la kuchigwa cha Shire ndi lozizira poyerekeza ndi m'katimo. Chachiwiri, wofulula aliyense amaopa mowa kusasa. Amene amasasitsa mowa ndi mabakiteriya ena olowerera, amene amalanda shuga n'kupanga asidi m'malo mwa mowa, ndipo mafakitale amawononga ndalama pa mankhwala owathamangitsa. Ambiri mwa olowererawa sapirira madigiri 60. Sindikunena kuti tanki yotentha singalowe mlendo. Alendo okonda kutentha aliponso, ndipo amene amalonjeza kuti ukhondo sudzafunikanso akukokomeza. Enanso amakokomeza ponena kuti ethanol azidzangotuluka yekha ngati nthunzi. Pa madigiri 60 ethanol sanawire, ndipo kum'koka kumafunabe makina. Koma kuchepa kwa ndalama zoziziritsira ndi kuchepa kwa kusasa ndi phindu lenileni, ndipo limakula pamene dziko likutentha.

Wina amene akudziwa bwino nkhaniyi andifunsa kuti: ngati tizilomboti n'tabwino chotere, bwanji palibe fakitale yaikulu ngakhale imodzi imene ikutigwiritsa ntchito? Funso limeneli ndi lolemera, ndipo yankho loyamba n'lakuti mowa wake ndi wosalimba. Yisiti pafakitale imafikitsa ethanol pa 10 peresenti, ndipo ku America amadutsa 15. Clostridium thermocellum wachibadwa amayamba kudzandira ethanol akangofika 1 kapena 2 peresenti, ndiponso amamwaza mphamvu zake: gawo lina la shuga amalisandutsa asidi wa viniga, lina asidi wa mkaka wosasa, lina mpweya wa hydrogen. Wotcheza aliyense akudziwa kuti mowa wa madzimadzi umatha nkhuni. Akatswiri amati kuti kutcheza kukhale kwaphindu pamafunika magalamu osachepera 40 a ethanol pa lita imodzi, ndipo kachilomboka, ngakhale atakakonza chibadwa, kakuzungulirabe pa magalamu 25 mpaka 30. Zimenezi n'zoona, ndipo ndi chifukwa chake sindinganene kuti tigule makina mawa. Koma taonani mmene mnzake uja wayendera. Mu 2008 gulu la ku Dartmouth linatseka njira zimene Thermoanaerobacterium saccharolyticum ankapangira asidi, ndipo anapereka magalamu 37 pa lita, pafupifupi ethanol yekhayekha. Pofika 2016 anali atafika magalamu 70, kudutsa malire aja ndithu. Ndipo Clostridium thermocellum yemweyo, mukamuzoloweza pang'onopang'ono, amakhala ndi moyo m'madzi okhala ndi magalamu 50 a ethanol wothiridwa kuchokera kunja. Izi zikusonyeza kuti chom'lepheretsa si kufooka kwa thupi koma kachitidwe ka ma enzyme ochepa a m'kati mwake, amene angathe kukonzedwa. Tisaiwalenso kuti yisiti anthu aiweta kwa zaka zikwi zambiri, akusankha yabwino n'kutaya yoipa, pomwe luso lodalirika losinthira chibadwa cha kachilombo aka linangopezeka cha m'ma 2010.

Yankho lachiwiri ndi lowawa kwambiri, ndipo aliyense amene akulimbikitsa nkhani imeneyi ayenera kulinena poyera. Ntchito yopanga ethanol kuchokera ku zinyalala za m'munda yagwetsa makampani akuluakulu. Mu 2007 America inakhazikitsa lamulo lofuna kuti pofika 2022 izipanga magaloni 16 biliyoni pachaka a mafuta ochokera ku cellulose. Chakacho chitafika, ethanol wa mtundu umenewu anali dontho chabe. Fakitale ya Abengoa ku Hugoton, m'chigawo cha Kansas, inatsegulidwa mu 2014 n'kuima chaka chotsatira. Ya DuPont ku Iowa inatsegulidwa mu 2015 n'kutsekedwa mu 2017. Ya POET ndi DSM ku Emmetsburg inaleka kupanga mu 2019. Ya Clariant ku Podari m'dziko la Romania inayamba mu 2022, pofika kumapeto kwa 2023 inali itatsekedwa. Ndingadzitchinjirize ponena kuti onsewa ankagwiritsa ntchito njira yodula ya zipata zinayi ija, ndipo n'zoona. Koma ku Britain kunali kampani ya TMO Renewables imene inadalira kachilombo kokonda kutentha ka mtundu wa Geobacillus, ndipo nayo inagwa mu 2013. Mascoma, kampani imene Lynd yemweyo anayambitsa nawo, inapeza msika ndi yisiti yofululira chimanga, osati ndi tizilombo totentha, ndipo inagulitsa ntchitoyo mu 2014. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma tiyang'anitsitse nyererezo kuti zinali pati. Mafakitale ambiriwa sanagwe chifukwa chakuti shuga anakana kuwira. Anagwa chifukwa mapesi ndi opepuka koma otenga malo, moti kuwatola m'minda yambirimbiri, kuwamanga mabelo, kuwanyamula ndi kuwasunga chaka chonse kunadya ndalama zosaneneka. Mabelo ankabwera ndi dothi ndi miyala zimene zinkadya makina ndi kutseka mapaipi. Milu ina inkawola, ina inkapsa ndi moto. Makina ophikira ndi asidi ankawonongeka kawirikawiri. Ndipo mtengo wa mafuta padziko lonse unagwa kumapeto kwa 2014, nthawi yomwe mafakitale a ku America aja ankatsegulidwa. Kachilombo kabwino kangathetse vuto la kuphika ndi la ma enzyme. Vuto lotola ndi kunyamula sikangalithetse.

N'chifukwa chake ndikuumirira pa malo oyambira. Kuno kwathu mapesi si zinyalala. Alangizi a zaulimi atha zaka akutipempha kuti tileke kuwatentha, tiziwayala m'munda kuti asunge chinyezi, atchinjirize nthaka ku mvula yamkuntho ndipo awolere momwemo. Ng'ombe ndi mbuzi zimadalira mapesi omwewo m'chilimwe, ndipo m'nyumba zambiri zitsononkho ndizo nkhuni. Nthaka yathu yaguga kale. Kuichotsera chophimba chake kuti galimoto za m'tauni ziyende kungakhale kugulitsa chimanga cha zaka zikubwerazi pamtengo wa petulo wa lero. Ngakhale titaiwala za nthaka, ngati alimi a ku Iowa okhala ndi minda ya maekala mazanamazana ndi mathirakitala analephera kusonkhanitsa mapesi pamtengo wabwino, nanga ife a ekala imodzi kapena ziwiri, pamisewu ya ngolo ndi njinga, tingathe bwanji? Pafakitale ya shuga nkhani ndi ina. Nzimbe zafika kale, mtengo wonyamula walipiridwa ndi shuga, bagasi watuluka m'makina wophwanyikaphwanyika, nthunzi ilipo, amisiri alipo, ndipo fakitale ya ethanol ili pafupi. Umboni wake uli ku Brazil, dziko limene lakhala likuyendetsa galimoto ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1975. Pamene mafakitale a mapesi ankatsekedwa kumpoto, kampani ya Raízen inapitiriza ndi fakitale yake ya ku Piracicaba imene inatsegulidwa mu 2015, ndipo mu 2024 inatsegula ina yaikulu ku Guariba. Onsewa anamangidwa mogundana ndi mafakitale a shuga. Anadalirabe yisiti ndi ma enzyme ogula, koma anaonetsa pamene ntchito yotere imatha kuima ndi miyendo yake.

Pamenepanso pali wotsutsa, ndipo akunena zanzeru: bagasi wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa sangokhala, amasonkhera moto wa mabwela opangira nthunzi ndi magetsi a fakitale. Mukam'tenga, shuga aphikidwa ndi chiyani? Yankho lili patatu. Lignin uja, amene tizilombo sitidya, amatsala m'tanki, ndipo akauma amayaka bwino kuposa bagasi amene. Mabwela amakono amatulutsa mphamvu yofanana ndi bagasi wochepa, n'kusiya wina. Ndipo pali masamba ndi nsonga za nzimbe zimene zimapsera m'munda asanadule, utsi wake n'kuphimba midzi yozungulira. Ku São Paulo mchitidwe wotenthawu anauthetsa pafupifupi wonse, ndipo gawo la masambawo limasiyidwa m'munda, lina limapita kufakitale. Zingatheke ndithu kuti, akawerengetsa bwino, eni fakitale apeze kuti bagasi wotsalayo apindula kwambiri akapanga magetsi ogulitsa ku ESCOM kusiyana ndi ethanol. Kuwerengetsa kumeneko kuyenera kuchitika moona mtima, ndipo m'sikelo muikidwenso mizere ya galimoto pamalo omwetsera mafuta, ndi madola amene timasaka kuti mathankala achoke ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam. M'sikelo yomweyo ndi mmene kachilombo kodzipangira ma enzyme kamalemerera kwa ife kuposa kwa a ku Denmark: ethanol amene lita iliyonse imafuna enzyme yoitanitsa kunja wangosintha dzina la chinthu chimene tikugula ndi madola. Onena kuti galimoto zamagetsi zikubwera ndiye tisavutike ayang'ane pamsewu: galimoto zakale zochokera ku Japan ndi njinga zamoto za kabaza zidzamwabe petulo kwa zaka zambiri, m'dziko limene mabanja ochuluka sanalumikizidwe n'komwe ku magetsi.

Nanga tichitenji pamene tikudikira kuti Clostridium thermocellum akhwime? Pali choyambira chapafupi chimene sichifuna kugumula khoma la cellulose n'komwe. Pali yisiti ina yotchedwa Kluyveromyces marxianus, yodziwika kale m'zakudya za mkaka, imene imafulula pa madigiri 40 mpaka 45. Akatswiri a pa yunivesite ya Kasetsart ku Thailand, dziko lotentha lolima nzimbe ngati lathu, anasankha mitundu yake kuchokera m'dothi ndi m'madzi a kwawo komweko, n'kuiyesa pa madzi a nzimbe. Ili ndi chofooka chake, poti kutentha kukakwera kupirira kwake ethanol kumatsika, koma kuiyesa pa molasesi wathu, m'miyezi yathu yotentha, ndi ntchito imene ophunzira a ku MUST, ku LUANAR kapena ku University of Malawi angathe kuchita ndi zipangizo wamba, mogwirizana ndi mafakitale awiri aja. Ndipo tizilombo tokonda kutentha sitiyenera kuchokera ku Yellowstone kapena ku Kamchatka kokha. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu chong'ambika cha kum'mawa kwa Africa, ndipo lili ndi akasupe ake otentha: Mawira ku Nkhotakota, Chiweta ku Rumphi, ndi ena m'mbali mwa nyanja ndi mwa Shire. Pamene masamba ndi timitengo zimagwera m'madzi otenthawo n'kuwolera momwemo, pali chamoyo chimene chikuzidya. Pano pafunika kuchenjera. Kachilombo kamene Brock anapeza, Thermus aquaticus, kanapereka enzyme imene lero imagwira ntchito poyeza matenda m'zipatala za padziko lonse. Umwini wa luso logwiritsa ntchito enzyme imeneyo unagulitsidwa madola 300 miliyoni mu 1991, koma malo amene kachilomboko kanachokera sanalandirepo kanthu. Pangano la ku Nagoya la mu 2010, limene Malawi analowa nawo, linapangidwa kuti zoterezi zisabwerezedwe, ndipo limagwira ntchito bwino kwa dziko limene layamba lokha kulemba ndi kusunga zimene lili nazo. Za tizilombo tosinthidwa chibadwa, tili ndi lamulo la mu 2002 loyang'anira zimenezi, ndipo liyenera kutsatidwa mosanyengerera ngakhale tizilomboto tikhale totsekeredwa m'tanki.

Chofunika poyamba si fakitale ya mabiliyoni. Ndi mabotolo otsekeka bwino, kabokosi kosunga kutentha pa madigiri 60, thumba la bagasi wa ku Nchalo, matope a ku Chiweta, ndi wophunzira wopatsidwa ndalama zokwanira zaka zitatu kapena zinayi kuti ayankhe mafunso atatu: pa kilogalamu ya bagasi pasungunuka magalamu angati, pa lita imodzi patuluka ethanol wochuluka bwanji, ndipo zatenga maola angati. Kampani iliyonse yakunja imene idzabwere kudzatigulitsa makina a tizilombo totentha idzafunsidwe manambala atatu omwewo, oyezedwa pa bagasi wathu ndi madzi athu, ndipo payenera kudzakhala Mmalawi wodziwa kuwatsimikiza ndi manja ake tisanasaine pepala lililonse.